Galimoto Yokalamba, Amayi ndi Msewu wa ku Milange

Foni ya Jowakimu inandipeza Lachinayi masana, ndikuweruka kusukulu imene ndimaphunzitsa pafupi ndi pa Chonde. Jowakimu ndi mbale wanga, mwana wa amayi aakulu a Rozina, amene anakwatiwa ku Mozambiki, kumudzi wina kuseri kwa Milange, ine ndisanabadwe.

“Achimwene, kuno zinthu sizili bwino,” anatero. “Amayi lero ndi tsiku lachinayi osadya. Akatsegula pakamwa akungotchula a Alesi. Ngati n’kotheka bwerani nawo.”

A Alesi ndi amayi anga. Pa mimba yawo ya ana asanu ndi awiri, iwo ndi a Rozina ndiwo okha anatsala, ndipo panali patapita zaka zambiri asanaonane. Vuto linali chiuno. Chigwereni kubafa chaka chatha, amayi sangathe kukhala m’minibasi yopanikizana, ndipo za kabaza, amene amawolotsa anthu pa Muloza kupita tsidya linalo, ndiye osatchula n’komwe. Panafunika galimoto yowatenga pakhomo n’kukawatsitsa pakhomo.

Galimoto ndinali nayo. Kungoti ndinali nditakhala nayo milungu itatu yokha.

Inali galimoto ya Chifalansa ya makedzana, yamsinkhu umodzi ndi ine, mtundu wake ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Nyali zake zinali zozungulira, mabampala achitsulo chonyezimira, giya pa chiwongolero, mpando wakutsogolo wautali ngati benchi ya m’tchalitchi. Ndinaigula kwa mayi wina wamasiye wa ku Thyolo, amene amuna awo anali kapitawo wamkulu pa esiteti ya tiyi. Inali itakhala m’shedi zaka zingapo, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Ndili mwana, bambo anga akulondera pachipata cha esiteti, galimoto zoterezi ndinkangozionera patali, choncho nditaiona m’shedimo mtima sunandilole kuisiya. Makaniko wa pa Luchenza anaitsuka mapulagi, anasintha oyilo, n’kuiliza. Ulendo wautali kwambiri umene ndinali nditayenda nayo unali wa kutchalitchi.

“Bambo a Chisomo, mukufuna mukawaphere panjira apongozi angawa?” anandifunsa akazi anga. “Galimoto yoti ikaona chitunda imayamba kutsokomola?”

Ndisanayankhe, amayi analankhulira pakhonde pamene ankasankha mpunga. “Ikafa tikaikankha. Ine mawa ndikupita kwa achemwali.”

Nkhani inathera pomwepo.

M’mawa wa Lachisanu tinaika pilo awiri pampando wakutsogolo n’kuwakhazika amayi, ndodo yawo pakati pa miyendo. M’buti munalowa kathumba ka mpunga, shuga, sopo ndi bulangete latsopano. Nditapotoza kiyi, injini inangobuula kawiri n’kukhala chete. Batire inali yofooka. Anansi atatu anatikankha mpaka pamsewu waukulu, koma ayi ndithu, osalira. Tinabwereza kachiwiri, thukuta kamukamu, ndipo ndi pamene ndinakumbukira kuti sindinakoke choki, kandodo kamene galimoto zakale umazikokera injini ikakhala yozizira. Ndinakakoka mwakachetechete, osauza aliyense. Kukankha kwachitatu inalira, utsi wabuluu tolo, anthu a pamsika n’kuomba m’manja. Nthawi inali cha m’ma seveni. Minibasi kuchoka pa Chonde kukafika pa Muloza sikwanitsa n’komwe maola awiri, ndipo ine ndinawauza amayi kuti chakudya cha masana tikadyera ku Mozambiki.

Mpaka pa Chitakale galimoto inayenda ngati yatsopano. Pa rodibuloko wapolisi wachikulire anaizungulira kawiri, akuisisita, ndipo atatha kuona laisensi anandiuza kuti makolo ake anakwera yotereyi patsiku la ukwati wawo. Pothira petulo, anyamata a minibasi anasiya kuitanira anthu n’kubwera kudzasuzumira mkati. Ndinadutsa pa Boma chigongono chili pawindo, phiri lili kumanzere, mutu utakula ndithu.

Titalowa m’minda ya tiyi, ndinamva kuti phwa! kunsi kwa boneti. Ndinayesa ndaponda chigubu. Kanyali kofiira kanayaka pa dashibodi, koma popeza sindinkadziwa ntchito yake ndinangopitirira. Sipanapite nthawi, amayi anati, “Lameki, mukununkha zopsa muno.” Pomwepo nthunzi inayamba kutuluka m’mbali mwa boneti. Ndinapatukira pambali, ndinazimitsa, n’kutsegula boneti. Redieta inali ikubwata. Ndinatenga kansanza kuti nditsegule chotsekera chake.

“Ee, bambo! Siyani! Mukufuna nkhope isupuke?”

Anali bambo wina wokalamba, wochepa thupi, wovala jekete yabulauni ndi chipewa chansalu, amene anali ataima pamthunzi wa mtengo akudikira minibasi. Anabwera mofulumira kuposa msinkhu wake n’kundichotsa dzanja pamenepo. Anasuzumira m’kati, anapisa dzanja pansi, n’kutulutsa chidutswa cha mphira chakuda chonyenyeka.

“Lamba wa fani waduka. Si munaona nyali yofiira?”

“Ndinaiona.”

“Ndiye munayesa ya Khirisimasi?”

Anadzitchula kuti ndi a Namaona. Anagwira ntchito ya udalaivala pa esiteti ina kuyambira ali mnyamata mpaka kupuma, ndipo galimoto ya mtundu umenewu anaiyendetsa zaka zambiri atanyamula mamanijala. Tsiku limenelo ankapita pa Muloza kukaona mwana wawo wamkazi. Atawerama pawindo n’kuona amayi, anavula chipewa.

“Moseliwa?” anawalonjera m’Chilomwe.

“Koseliwa,” anayankha amayi, nkhope ikuwala ngati apeza m’bale.

A Namaona anandifunsa ngati ndinali ndi lamba wina. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinali ndi masipanala. Ndinawaonetsa pulayala ndi sukuludiraiva imodzi. Anapita kukatsegula buti, anatsitsa mpunga wathu, n’kunyamula tayala lapadera. Pansi pake panali chitini chakale cha mabisiketi chimene ine sindinkadziwa kuti chilipo. Munali masipanala okulungidwa m’nsanza ya oyilo, mapulagi awiri, mawaya ndi lamba wa fani.

“Mwini wake woyamba anali munthu,” anatero a Namaona. Koma atampinda lambayo, anang’ambika ngati chikopa chouma. Anali atakalambira m’chitinimo.

Panalibenso kuchitira mwina. Ndinaimitsa njinga yamoto n’kubwerera ku Chitakale, zidutswa za lamba zili m’thumba, amayi nditawasiya m’manja mwa munthu amene ndinali nditamudziwa mphindi khumi zokha. M’sitolo yoyamba ya zipangizo za galimoto anandifunsa mtundu wa galimotoyo, ndipo nditatchula, wogulitsayo anaitana mnzake kuti adzamve nawo. Yachiwiri inali ndi malamba a mizeremizere a galimoto za masiku ano okhaokha. Yachitatu inali yotseka, mwini wake ali kumaliro. Ndinazungulira pamenepo dzuwa likukwera, ndikungoganiza za amayi aakulu, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi, amene anandiona ndikudutsa kachitatu, anati ndikayese kwa ogulitsa zipangizo za chigayo. Kumeneko bambo wina analumikiza zidutswa zanga patebulo, anayeza ndi chingwe, n’kutsitsa lamba pamsomali. Ndinagula awiri.

Pobwerera ndinapeza amayi atakhala pampando wa galimoto, chitseko chili chotsegula, akudya chinanazi. Amayi awiri othyola tiyi anali atatula madengu awo n’kukhala pansi pomwepo, Chilomwe chili m’kati. Zinapezeka kuti agogo a a Namaona anachokera dera limodzi ndi agogo athu. Othyola tiyiwo anali atatitungira kale madzi pakamtsinje m’chigubu chawo.

“Vulani shati yoyerayo,” anatero a Namaona. “Muika nokha. Ine mawa simundiona.”

Anandionetsa mabauti awiri ofunika kumasula kuti dayinamo, imene imadyetsa batire moto, isunthe, mmene lamba amalowera, ndi mmene umamukungira. Anandigwira chala chachikulu n’kuchikanikiza pa lambayo. “Azilowa chonchi basi. Akathina kwambiri apha pampu ya madzi. Akakhwepa, batire siidya moto. N’chifukwa chake m’mawa munakankha.” Sindinawauze kuti tinakankha. Amayi ndiwo anali ataulula zonse, ndi za choki zomwe, zimene ndinkayesa kuti sanazione.

Tinathira madzi pang’onopang’ono, othyola tiyi aja anatikankha, ndipo tinanyamuka nthawi itapitirira leveni, a Namaona ali kumbuyo, atakhala tsonga ngati bwana.

Tinadutsa pa Mimosa bwinobwino. Tinawoloka mlatho wa Ruo. Pachitunda cha patsogolo pake galimoto inayamba kudzuma, ikukoka n’kusiya, kukoka n’kusiya. Ndinaponda mafuta mpaka pansi koma inangozima, n’kuyamba kubwerera chammbuyo. Ndinakoka handibuleki, a Namaona n’kudumpha kukaika mwala kutayala.

“Petulo watha,” ndinatero.

“Mwathira pa Chitakale pomwepa, wathera kuti? Osamangolota. Galimoto yakale ikazima imafuna zinthu zitatu: mafuta, moto, mpweya. Mumafunsa chimodzichimodzi. Yambani mafuta.”

Ndinachotsa kapaipi kolowa mu kabuleta, chipangizo chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya, iwo n’kupotoza kiyi. Petulo anatuluka, koma wofiirira. A Namaona anamudonthezera padzanja n’kundionetsa timibulu tadzimbiri. Galimoto itakhala zaka m’shedi, thanki inachita dzimbiri m’kati, ndipo petulo wambiri amene ndinathira tsikulo anatsuka zonsezo n’kuzitumiza kutsogolo.

Tinamasula chivundikiro cha kabuleta, ine ndikugwira sipanala, iwo akuloza ndi kamtengo. M’kati munali matope ofiira. Ndinawapukuta ndi mpango wanga wa m’thumba. Kenaka anandiuza kuti ndimasule jeti, kachitsulo kachikasu kochepa ngati njere ya chimanga, kokhala ndi kabowo pakati. Kabowoko kanali katatsekeka.

“Osatokosa ndi waya, mukulitsa bowo. Uzirani ndi pakamwa.”

Ndinakaika pamilomo n’kuuzira mwamphamvu. Zala zanga zinali zoterera ndi oyilo. Kajeti kaja kanauluka, kanagunda bampala kuti nge, n’kusowa m’maudzu a m’mbali mwa msewu.

A Namaona anavula chipewa n’kukanda m’mutu.

“Chinthu chimenecho,” anatero pang’onopang’ono, “simungachipeze m’sitolo iliyonse, ngakhale ku Limbe.”

Tinagwada tonse awiri n’kuyamba kupapasa. Dzuwa linali paliwombo. Maminibasi ankadutsa akuimba mahutala, makondakitala akutikuwiza kuti tikagulitse kwa ogula zitsulo. Bambo wina wa njinga yonyamula makala anaima n’kutithandiza kufufuza, koma atamva kuti si ndalama imene yatayika anakwera njinga yake. Tinazula udzu, tinasefa mchenga ndi manja, osapeza. Ine misozi inali pafupi. Ndinkaona kuti ndi ine, ndi chibwana changa chogula galimoto chifukwa cha kukongola, amene ndachititsa kuti amayi asakawapeze achemwali awo ali moyo.

“Nditsitseni,” anatero amayi.

“Amayi, chiuno chija...”

“Ndati nditsitseni. Mukufufuza ngati nkhuku, mukungokwirira.”

Tinawatsitsa n’kuwakhazika pa pilo kutsogolo kwa galimoto. Anatiuza kuti tiziwaolera dothi ndi zinyalala za pamenepo, dzanja limodzilimodzi, n’kumathira pachitenje chimene anayala pamiyendo. Ankazisankha ndi zala ziwiri mofatsa, monga amachitira ndi mpunga, zosafunika akukankhira kumbali. Dzanja lachisanu ndi chiwiri kapena lachisanu ndi chitatu, ananyamula kanthu n’kukapukuta pabulauzi.

“Si aka?”

A Namaona anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinalandira kajetiko ndi manja awiri. Ulendo uno ndinakauzira nditakakulunga m’mpango, ndipo nditakayang’anitsa kudzuwa kuwala kunaoneka pabowo. Tinamanga zonse. Popeza tinali pachitunda, tinangoisiya galimoto ibwerere chammbuyo ili mu giya ya rivesi, ndipo nditasiya kilatchi inalira bwino kuposa m’mawa.

Pa Limbuli tinafika thu koloko itapitirira. Msewu unali utadzaza njinga zonyamula matumba a chimanga ndi nandolo, moti tinkayenda ngati tikuperekeza mkwati. A Namaona anandilowetsa m’kasitolo kena n’kundiuza kuti ndigule sefa ya petulo ya njinga yamoto, kapulasitiki koonekera m’kati, ndipo tinaidulira pa paipi kuti izigwira dzimbiri lisanafike ku kabuleta. Injini sitinaizimitse. Ndikugula mandasi ndi zakumwa, ndinatulutsa foni kuti ndione nthawi. Jowakimu anali ataimba katatu, pa nthawi imene tinkafufuza jeti, foni ili m’shati imene ndinaivula.

Munthu saimba katatu kuti angopereka moni. Ndinaimba ndili kuseri kwa sitolo, koma foni yake siinkapezeka. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Nditabwerera m’galimoto ndinawapatsa amayi mandasi, ndikuyang’ana kumbali.

“Waimba ndani?” anafunsa.

“Palibe, amayi.”

“Lameki, ndinakubala ndine. Usandibisire.”

Ndinawauza. Anakulunga mandasi aja m’pepala n’kuwaika pa dashibodi.

“Yendetsa,” anatero. “Kaya tikawapeza, kaya tikawaika, ndi ulendo womwewu.”

Kuchoka pa Limbuli kukafika pa Muloza a Namaona anandikumbutsa kawiri kuti ndiziyang’ana muvi wa kutentha kwa injini.

Pa Muloza osintha ndalama anatithamangira tisanaime n’komwe, manja ali m’mawindo, wina akufuula mtengo wa metikashi, ndalama ya ku Mozambiki, wina akufunsa ngati galimotoyo ndikugulitsa. A kabaza ankadutsa atanyamula makatoni ndi zigubu za mafuta ophikira mpaka munthu wopalasayo osaoneka. Za ziphaso zathu, zanga ndi za amayi, zinayenda msanga, ndipo wa ofesiyo anachita kutuluka kudzawaona amayi m’galimoto kuti asavutike kuyenda. Mzere wautali unali wa mapepala a galimoto. Patsogolo panga panali madalaivala a mathiraki, aliyense ndi mulu wa zikalata. Ndinaima pamenepo kupitirira ola, ndikuyang’ana chithunzithunzi cha mtengo wa mango chikutalika panja. Chipata amatseka cha m’ma sikisi.

Nthawi yanga itakwana, mayi wa yunifolomu anawerenga buku la galimoto mofatsa, n’kunena kuti akufuna aone nambala ya chesisi, ija yodindidwa pathupi la galimoto, pa galimoto penipenipo. Tinatuluka. Ndinatsegula boneti n’kuwaonetsa kachitsulo kokhomedwa pambali, koma zilembo zake zinali zitafufutika ndi ukalamba.

“Apa sindikuonapo kanthu,” anatero. “Bambo, musandione ngati wouma mtima. Galimoto zakuba zimadutsira m’malire momwemuno. Popanda nambala yofanana ndi ya m’bukumu, galimotoyi siituluka.”

Ndinawafotokozera za amayi aakulu. Anayang’ana amayi m’galimoto, anayang’ana wotchi yawo.

“Ipezeni nambalayo. Ine ndili pompano.”

A Namaona, amene mwana wawo amakhala pafupi pomwepo ndipo akanatha kutsanzika kalekale, anali adakali nafe. Anati galimoto zimenezi nambala ina amaidinda pachitsulo cha thupi lenilenilo, kumanja, pamwamba pa tayala. Analoza malo ake. Panali penti wokhuthala wa zaka zambiri ndi phula. Tinapala ndi sukuludiraiva, kenaka ndi mpeni umene amayi anasendera chinanazi. Pang’onopang’ono manambala anayamba kuoneka. Mayi uja anawerama n’kumawerenga limodzi ndi buku. Onse anafanana kupatula imodzi yakumapeto.

“M’buku muli eyiti. Apa ndikuona fili.”

Ndinapisa m’thumba la thalauza kufuna mpango, ndipo dzanja linakhudza kachidutswa ka choko. Mphunzitsi sasowa choko m’thumba, akazi anga amadandaula nacho tsiku lililonse lochapa. Ndinachipaka pa nambalayo n’kupukuta ndi chala. Ufa woyera unatsalira m’mizere, ndipo mbali yakumanzere ya eyiti, imene inali yosazama, inaonekera bwinobwino.

Mayi uja anamwetulira koyamba. “Eyiti,” anatero. Anakadinda mapepala mwamsanga n’kundibweretsera yekha panja. “Thamangani, tsidya linalo nawonso amatseka. Agogo, mukawapeze bwino achemwali anu.”

A Namaona anatsanzika pomwepo. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe koma anabweza dzanja langa. Anati akwera ulele kuchokera kuminda ya tiyi kuja pa galimoto imene ankayesa kuti sadzaikweranso, ndipo zimenezo zakwana. Anagwirana chanza ndi amayi nthawi yaitali. Kwa ine anangoti, “Muziimvetsera. Isanafe imayamba yanena.” Kenaka analowa m’chigulu cha anthu, chipewa chawo n’kusowa pakati pa makatoni.

Pamenepo ndinali nditaizimitsa injini kwa maola awiri. Ndinapotoza kiyi, a kabaza atayamba kale kusonkhana kuti atikankhe. Inalira kamodzi n’kamodzi. Lamba wa chigayo uja anali atagwira ntchito yake.

Tsidya la Mozambiki tinapeza akukonzekera kutseka. Msilikali wa pachipata anayamba kulankhula Chipwitikizi chothamanga, ine n’kumangoti “bowa tadi, bowa tadi,” moni yekhayo amene ndimadziwa. Amayi anasuzumira pawindo n’kumulankhula m’Chilomwe. Anadabwa, anaseka, n’kuyankha m’Chilomwe chomwecho, akuwatchula kuti mama. Anatilozera zenera la inshuwalansi ndi la zidindo, ndipo pasanathe theka la ola tinali tikudutsa m’tauni ya Milange, dzuwa litafiira.

Kupitirira tauni phula linatha. Msewu wa kumudzi kwa amayi aakulu unali wa mabampu ang’onoang’ono ogundana, ndipo galimoto yonse inkanjenjemera, zitseko, magalasi ndi mano omwe. Titayenda mwina makilomita khumi, injini inangozima kamodzi, osatsokomola, osadzuma, ngati munthu wazimitsa wailesi.

Panalibe nyumba pafupi, chinangwa chokhachokha mbali zonse. Kumpando wakumbuyo kunalibenso munthu woti n’kumufunsa. Ndinakhala kaye nditagwira chiwongolero.

“Ukudikira ndani?” anafunsa amayi.

Ndinatuluka n’kutsegula boneti. Ndinayamba mafuta. Kasefa kaja kanali kodzaza petulo, dzimbiri litakhazikika pansi pake, woyera akudutsa. Choncho vuto silinali mafuta. Ndinapita ku moto. Ndinagwira mawaya a mapulagi limodzilimodzi, onse anali olimba. Ndinatsatira waya wonenepa wapakati mpaka kumene amachokera, pa koyilo imene imatumiza moto ku mapulagi, ndipo ndinapeza akulendewera, atazuka ndi kugwedezeka kuja. Ndinamubwezera, ndinamukanikiza mpaka anati tswa, n’kumumanga ndi kachingwe kamphira ka m’chitini chija. Zonsezi sizinatenge mphindi zisanu. Injini italira, ndinapezeka ndikuseka ndekha ngati wamisala.

“Aka ndiye wakonza wekha,” anatero amayi. Pa mawu onse a tsikulo, oyamikira anali amenewo.

Kuyambira pamenepo amayi anasiya kuyang’ana kumbali. Maso awo anali pamsewu, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna. Kwathu kuno, tsidya lino ndi tsidya ilo, pamudzi pakagwa maliro amayala masamba pamsewu. Titakhota pa mtengo waukulu wa mbawa, pafupi ndi mudzi, tinawaona: nthambi zaziwisi zitayalidwa modutsa msewu. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu moti galimoto inapita kumbali.

Ndinaima. Bambo wina ankabwera akukankha njinga, monga amachitira anthu podutsa pamaliro. Amene anamufunsa ndi amayi.

“Pepani bambo, atisiya ndani?”

Anatchula dzina la mwamuna, mkulu wina wa mpingo amene anadwala nthawi yaitali. Amayi anapepesa mwaulemu wonse, n’kufunsa za a Rozina, amake Jowakimu.

“Kumtundako, nyumba ya malata. Ndadutsako masana, anali pakhonde.”

Tinadutsa pamaliropo pang’onopang’ono. Titapitirira masamba achiwiri, amayi anatenga mandasi aja pa dashibodi n’kuyamba kudya.

Jowakimu anatithamangira tisanalowe pabwalo, kunja kukali kowala pang’ono. Anati ankaimba kuti atiuze kuti amayi aakulu, atamva m’mawa kuti tanyamuka, anapempha phala n’kumwa theka la kapu, ndiponso analamula kuti awatulutse panja kuti azimvetsera kumsewu. Kenaka foni yake inatha moto.

Amayi aakulu anali atagona pamphasa, atatsamira khoma, ataonda kwambiri moti bulangete linkaoneka ngati mulibe munthu. Maso awo anali atachita khungu. Ine ndi Jowakimu tinawanyamula amayi kuchokera m’galimoto n’kuwakhazika pamphasa pomwepo.

“Achemwali, ndabwera,” anatero amayi.

Dzanja lowonda linatuluka m’bulangete n’kuyamba kupapasa. Linapeza phewa, linakwera pakhosi, pamasaya, pamphuno, n’kuima pamilomo.

“Alesi,” anatero amayi aakulu ndi mawu otsika, “mano ako ali kuti?”

“Ndawasiya ku Chonde. Ndinamva kuti kuno simupha nkhuku.”

Anaseka onse awiri, mitu itagundana, mpaka amayi aakulu anayamba kutsokomola, mkazi wa Jowakimu n’kuthamanga ndi madzi. Kuseka kuja kunasanduka kulira, kenaka kusekanso. Ine ndinangokhala pansi pafumbi, m’mphepete mwa khonde.

Tinakhala kumeneko masiku anayi, ndipo amayi aakulu anakhalabe ndi moyo mpaka chimanga cha chaka chimenecho chitalowa m’nkhokwe. Koma madzulo amenewo zimenezi sitinkazidziwa. Atapuma, amayi aakulu anafunsa kuti Alesi wabwera ndi ndani.

“Ndi Lameki, mphunzitsi uja,” anatero amayi.

“Abwere kuno.”

Ndinakwawa n’kugwada pafupi. Anandigwira dzanja, lakuda bii ndi oyilo, zikhadabo zodzaza dothi, chala chimodzi chitatupa pamene sipanala inaterereka. Analipapasa mbali zonse, analinunkhiza, n’kukwinya mphuno.

“Alesi, wandinamiza. Uyu si mphunzitsi.”

Koma dzanjalo sanalisiye.